Makobiri akale a ku Britain a m'chitini cha agogo: kodi mtengo wake weniweni ndi wotani?

Mayi wina wa ku Zomba watilembera motere: "Agogo anga aamuna anatisiya chaka chatha ali ndi zaka zoposa 90. Titatsegula thiranki yawo tinapezamo chitini cha tiyi chodzaza ndi ndalama zachitsulo zakale, zokwana ngati 70. Zambiri ndi zikuluzikulu zofiirira zokhala ndi mutu wa mfumu kapena mfumukazi, ina ya 1899, zina za 1919, 1936 ndi 1967. Zina ndi zoyera, zolembedwa HALF CROWN, ONE FLORIN ndi ONE SHILLING, ndipo pali imodzi yaikulu ya nkhope ya Churchill. Palinso zobowola pakati zojambulidwa njovu, ndi kamodzi kakang'ono kachikasu ka 1927 ka munthu wokwera hatchi, komwe kanali kokulungidwa pakansalu pakokha. Bambo wina anabwera n'kunena kuti ali ndi azungu ogula pa mamiliyoni, koma tiyambe tapereka ndalama yoyezetsera. Mwana wanga wayamba kale kuzikwecha ndi mandimu ndi phulusa kuti ziwale. Kodi zili ndi mtengo? Tichite nazo chiyani?"

Pepani kwambiri, mayi, ndi imfa ya agogo, ndipo ndikuthokozeni chifukwa cholemba musanagulitse kanthu. Mtima ukhale m'malo, chifukwa ndalama zomwe zakhala m'chitini zaka zoposa 50 zikhoza kudikira mwezi wina popanda chosintha, ndipo aliyense wokufulumizitsani ali ndi cholinga chake. Pali zinthu ziwiri zokha zofunika changu lero lomwe: mwana wanu asiye kuzikwecha, ndipo bambo wofuna ndalama yoyezetsera uja musamupatse ngakhale tambala. Ndayamba ndi ziwirizi chifukwa mabanja ambiri omwe ndakumana nawo pa zaka zomwe ndakhala ndikuyesa ndalama zakale anataya chuma chawo kudzera m'njira ziwiri zomwezi.

Ndikuuzeni mosapsatira zomwe ndikuona m'kalata yanu. Ndalama zambiri za m'chitinimo mtengo wake ndi wochepa, zina zili ndi siliva yemwe angakupatseni kangachepe, ndipo kachikasu kamodzi kaja, ngati kali kenikeni, kakuposa zina zonsezo kuziphatikiza pamodzi. Anthu ambiri amadabwa akamva zimenezi chifukwa amaganiza kuti ndalama ikakalamba ndiye kuti yakwera mtengo. Sizili choncho. Wosonkhanitsa ndalama zakale amafunsa kuti zinasulidwa zingati m'chaka chimenecho, zatsala zingati zooneka bwino, ndiponso chitsulo chake ndi chanji. Zaka zake amazifunsa pomalizira, moti ndalama ya Aroma ya zaka zoposa 1,600 imatha kugulidwa ndi mapaundi ochepa chabe pamene ina ya 1951 ikugulidwa moiposa.

Tiyambe ndi kuzizindikira. Ndalama zachitsulo za ku Britain sizilembedwa dzina la dziko monga zathu zimalembedwera MALAWI. Zimakhala ndi mutu wa wolamulira ndi mawu achilatini ofupikitsidwa ozungulira m'mphepete, monga GEORGIVS V kapena VICTORIA DEI GRA. Victoria analamulira kuyambira 1837 mpaka 1901, ndiye ya 1899 ija ndi yake, ndipo mudzamuona ali wachikulire atafunda nsalu kumutu. Ndalama za Edward VII ndi za 1902 mpaka 1910, za George V ndi za 1911 mpaka 1936, za George VI ndi za 1937 mpaka 1952, ndipo za Elizabeth II zinayamba mu 1953. Nthawi imeneyo paundi imodzi inali masheleni 20, sheleni imodzi inali makobiri 12, kotero paundi inali makobiri 240. Florin inali masheleni awiri, half crown inali masheleni awiri ndi makobiri 6, ndipo ka makobiri atatu ndi komwe agogo athu ankakatcha tiki. Kawerengedwe kameneka kanatha ku Britain pa 15 February 1971, chaka chomwenso kwathu kuno kunabwera kwacha ndi tambala, paundi imodzi ikusinthidwa ndi K2. N'chifukwa chake zitini zotere zimapezeka m'mathiranki ambiri, pakuti ndalama zitasintha, zomwe zinatsalira m'nyumba zinangosungidwa.

Zikuluzikulu zofiirira zija ndi makobiri a penny imodzi, ndipo kumbuyo kwake kuli Britannia, mkazi wokhala pansi atagwira chishango ndi mkondo wa nsonga zitatu. Kuyambira 1860 ankawasula ndi mkuwa wosakaniza pang'ono ndi zitsulo zina, ndipo ankawasula ochuluka zedi. Mu 1899 anasula oposa 26 miliyoni, mu 1936 oposa 150 miliyoni, ndipo olembedwa 1967 anapitirira 650 miliyoni chifukwa anapitiriza kulemba chaka chomwecho mpaka ndalamazi zitatsala pang'ono kuthetsedwa. Ku Britain ogulitsa ndalama zakale amaika makobiri operepeseka a zaka zimenezi m'bokosi n'kumagulitsa pa kilo, ndipo limodzi silifika ngakhale paundi. Ndikudziwa kuti n'zokhumudwitsa kumva kuti kobiri la zaka zoposa 120 ndi lotsika chonchi, koma ndi bwino mumve zoona kwa ine kusiyana n'kuwononga ndalama ya thiransipoti mukusaka wogula yemwe kulibe.

Komabe musawataye m'thumba limodzi musanawayang'ane, chifukwa pakati pa makobiri wamba pamabisala ochepa osowa, ndipo anu a 1919 ndi oyenera kuwaonetsetsa. Tengani galasi lokulitsa zinthu, kapena jambulani ndi foni n'kukulitsa chithunzicho, muyang'ane pansi pa Britannia, kumanzere kwa chaka. Mukaona kachilembo kakang'ono ka H, ndiye kuti kobirilo linasulidwa ndi kampani ya Heaton ku Birmingham, ndipo mukaona KN linasulidwa ndi kampani ya ku King's Norton. Makampani awiriwa anathandiza Royal Mint, fakitale ya boma la Britain yosula ndalama, mu 1918 ndi 1919 pomwe ntchito inachuluka chifukwa cha nkhondo, ndipo Heaton inasulanso mu 1912. A KN ndiwo osowa kwambiri, ndipo ngakhale operepeseka amagulidwa ndi mapaundi angapo, pamene osungika bwino amafika pa mazana. Enanso ofunidwa ndi a 1950, omwe anasulidwa 240,000 okha, ndi a 1951, omwe anali 120,000 ndipo ambiri anatumizidwa ku Bermuda.

Pali kobiri limodzi lomwe dzina lake limasokoneza anthu mitu, la 1933. M'chaka chimenecho mabanki anali ndi makobiri okwanira, ndiye Royal Mint inangosula ochepa, odziwika ndi pafupifupi 7, ena osunga m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, ena okwirira pansi pa miyala ya maziko a nyumba zatsopano malinga ndi mwambo. Limodzi linabedwa mu 1970 pansi pa tchalitchi china ku Middleton, mu mzinda wa Leeds. Ndaonapo makobiri angapo olembedwa 1933 ndipo onse anali a chaka china omwe munthu anasema nambala yomaliza, kawirikawiri a 1935 kapena 1936. Nawonso anu a 1936 wina asakunamizeni kuti ndi a Edward VIII, mfumu yomwe inatula pansi udindo m'chaka chomwecho. Ndalama za mutu wake sizinalowe pamsika ku Britain, ndipo zochepa zoyeserera zomwe zinasulidwa n'zodula kwambiri, moti ndalama yake ina yagolide yotchedwa sovereign inagulidwa pa £1 miliyoni mu 2020. Makobiri a 1936 ali ndi mutu wa bambo ake, George V, ndipo ndi ena mwa ochuluka koposa.

Tsopano zoyera zija, zomwe ndi nkhani yabwinoko. Apa chaka ndiye chimanena zonse, ndipo lamulo lake ndi losavuta kulisunga pamtima. Ndalama zoyera za ku Britain za 1919 kubwerera m'mbuyo ndi siliva wa magawo 925 pa 1,000. Nkhondo yoyamba itatha siliva anakwera mtengo, ndiye kuyambira 1920 mpaka 1946 anamuchepetsa kufika pa theka. Kuyambira 1947 mulibemo siliva ngakhale pang'ono, ndi mkuwa wosakaniza ndi nickel basi, ngakhale kuti maonekedwe ake ndi oyera chimodzimodzi. Half crown yatsopano inkalemera magalamu 14.14, florin 11.31, sheleni 5.66, ndipo ya makobiri 6 inali 2.83. Ndiye kuti half crown ya 1918 ili ndi siliva pafupifupi magalamu 13, ya 1942 pafupifupi magalamu 7, pamene ya 1948 ilibe kanthu. Ziikeni m'milu itatu motsata zaka zimenezi, muyeze mulu uliwonse pasikelo, muwerenge siliva yemwe alimo, kenako muone pa intaneti mtengo wa siliva wa tsiku limenelo. Mtengowo umalembedwa pa aunsi, ndipo aunsi ya siliva ndi golide ndi magalamu 31.1. Chiwerengero chomwe mupezecho ndiye poyambira pokambirana ndi wogula. Iye adzachotsapo phindu lake, koma mudzadziwa ngati akukuberani.

Muchenjere ndi ziwiri pa milu imeneyi. Choyamba, m'zitini za kwathu kuno mumakhala mosakanikirana ndalama za South Africa ndi za Southern Rhodesia, zomwe zili ndi mutu wa mfumu yomweyo koma zalembedwa dzina la dziko, ndipo zaka zake za siliva ndi zosiyana. Za South Africa, mwachitsanzo, zinali za magawo 800 pa 1,000 kuyambira 1923 mpaka 1950. Chachiwiri, musanagulitse siliva pa sikelo, chotsanimo kaye za Victoria ndi za Edward VII, chifukwa zina mwa izo zimaposa kutali mtengo wa chitsulo chake. Half crown ya 1905 inasulidwa yosakwana 170,000 ndipo imafunidwa ngakhale itaperepeseka, sheleni ya chaka chomwecho nayonso ndi yosowa. Mukapeza florin ya Victoria yooneka ngati ilibe chaka, yolembedwa zilembo zopotanapotana, musaiyese yabodza. Chaka chake chili m'zilembo zachiroma kumapeto kwa mawu ozungulira mutu, ndipo osonkhanitsa amaikonda kwambiri chifukwa cha kukongola kwake.

Ya Churchill ija ndi crown, ndalama ya masheleni asanu, ya 1965, yosulidwa pokumbukira imfa yake. Ndi yaikulu, yolemera m'dzanja, ndipo pafupifupi banja lililonse lomwe lili nayo limaiyesa chuma. Anasula zoposa 19 miliyoni, mulibe siliva, ndipo popeza anthu ankazisunga osazigwiritsa ntchito, zatsala zambiri zooneka ngati zatsopano. Mtengo wake ndi paundi imodzi kapena ziwiri. Zobowola za njovu si za ku Britain, ndi makobiri a chitaganya cha Rhodesia and Nyasaland omwe anayamba mu 1955, ndipo atheka lake ali ndi akadyamsonga awiri m'malo mwa njovu. Nawonso ndi ochuluka ndipo sagulidwa modula, koma kwa ine amenewa ndi oyenera kusunga, chifukwa ndi omwe makolo athu ankagulira mchere ndi machesi m'zaka zomwe ankalimbana ndi chitaganya chomwecho.

Tifike pa kachikasu. Momwe mwakafotokozera, ndiponso poona kuti agogo anakakulunga pakokha, kakhoza kukhala sovereign, ndalama yagolide ya paundi imodzi. Wokwera hatchiyo ndi George Woyera akupha chinjoka, chithunzi chomwe anajambula Benedetto Pistrucci ndipo chinayamba kuoneka pa ndalamayi mu 1817. Yang'anani panthaka pomwe hatchi yaponda, pamwamba pa chaka. Ndikuyembekeza kuti mupezapo timalemba tiwiri, SA, kusonyeza kuti kanasulidwa ku Pretoria, komwe nthambi ya Royal Mint inkasula ma sovereign kuyambira 1923 mpaka 1932. Mu 1927 ku London sankasula ndalama zimenezi, zinkachokera ku Pretoria ndi ku Perth ku Australia, komwe chizindikiro chake ndi P. Amuna ambiri a kuno ankapita ku Joni ndi ku Halale kukagwira ntchito m'zaka zimenezo, ndipo golide wotere anali njira yosavuta yobweretsera malipiro kumudzi atasokerera m'chovala. Funsani akuluakulu a m'banja ngati bambo a agogo anu anapitako, mwina mudzamva mbiri ya kandalamako.

Chomwe chidzatsimikize ndi sikelo. Sovereign yeniyeni imalemera magalamu 7.98, m'mimba mwake ndi mamilimita 22, ndipo ndi golide wa makarati 22, kutanthauza kuti golide weniweni ndi magalamu 7.32. Yatheka lake imalemera 3.99. Pitani nako kwa wosula ndolo ndi mphete kapena ku famase komwe kuli sikelo yoyeza tizigawo ta galamu, kayezedwe inu mukuona, kasachoke pamaso panu, ndipo musalole munthu kukapala ndi tupa kapena kukadonthezera asidi. Golide ndi wolemera kwambiri kuposa mkuwa, kotero yabodza ikafanana kukula imapepuka, ndipo ikafanana kulemera imanenepa. Ndikutchula zimenezi chifukwa pali tindalama tamkuwa tachikasu ta masewera a juga, tina tolembedwa TO HANOVER tokhalanso ndi munthu pahatchi, tomwe tanamiza anthu ambiri. Palinso ma sovereign opeka omwe anasulidwa m'maiko ena ndi golide wotsikirapo. Yanu ikapezeka yeniyeni ya Pretoria ya 1927, mtengo wake utsata golide, chifukwa chaka chimenecho anasula mamiliyoni ambiri. Za SA zosowa ndi za 1923 ndi 1924 zokha. Koma golide wa magalamu 7.32 si nkhani yamasewera, ndi mapaundi mazana angapo, ndipo m'makwacha ndi ndalama yoti banja likhalire pansi.

Ndibwerere ku nkhani yokwecha, chifukwa ndiyo imandipweteka mtima kuposa zonse. Inu mukudziwa momwe fodya amayendera ku okushoni, kuti masamba a munda umodzi amagulidwa mitengo yosiyana kutali malinga ndi giredi yake. Ndalama zakale nazonso zili ndi magiredi. Ku Britain otchuka ndi Fine, Very Fine, Extremely Fine ndi Uncirculated, ndipo yomalizayi ndi ndalama yomwe sinayendepo m'manja mwa anthu. Woyesa amayang'ana malo otukuka omwe amayamba kutha: pa George V amaona khutu, ndevu ndi tsitsi la pamwamba pa khutu, pa Britannia amaona zala zogwira mkondo ndi mizere ya pachishango. Ngati mutu wangotsala chithunzithunzi chosalala, ndalamayo ili pansi pa Fine. Ngati tsitsi likuwerengeka limodzilimodzi ndipo mukaipendeketsa padzuwa kuwala kukuzungulira pankhope pake ngati masipoko a njinga, muli ndi chinthu chabwino. Kobiri la 1899 lomwe silifika paundi likaperepeseka limagulidwa ndi mapaundi makumi angapo likakhala ndi kuwala kwake kwa kufakitale. Chaka ndi chomwecho, mfumukazi ndi yomweyo, chasiyanitsa ndi khungu la ndalamayo.

Khungu limenelo ndi lomwe phulusa ndi mandimu zimachotsa. Kuda kofiirira kwa kobiri lakale, kapena kotuwa kwa siliva, si litsiro ayi, ndi mtundu womwe chitsulo chimavala pang'onopang'ono m'zaka zambiri, ndipo wogula wodziwa amaufuna chifukwa ndi umboni woti ndalamayo sinaseweretsedwe. Zaka zingapo zapitazo bambo wina wachikulire anandibweretsera ma half crown anayi a Edward VII omwe anasiya bambo ake. Usiku wathunthu anakhala akuwapukuta ndi mankhwala owalitsira zogwirira zitseko, ndipo anawayala patebulo panga monyadira akunyezimira ngati masupuni atsopano. Nditaika imodzi pansi pa galasi ndinamupatsa kuti aone yekha: nkhope yonse ya mfumu inali ndi timizere tosawerengeka tolowera mbali imodzi, ndipo m'makona mwa zilembo munatsalira ufa woyera wa mankhwala aja. Ndevu zinkaonekabe bwino, kusonyeza kuti dzulo lake ndalamazo zinali za giredi yapamwamba. Zinatsika kuposa theka la mtengo wake, ndipo palibe mmisiri yemwe akanazibwezeretsa. Bamboyo anakhala chete nthawi yaitali, ndipo ine ndinasowa mawu omutonthoza nawo.

Mwana wanu musamukalipire, anachita zomwe aliyense wofuna zabwino akanachita, ndipo ngati anayambira pa makobiri a 1967 ndiye kuti chotayika ndi chochepa. Zomwe zathiridwa kale mandimu muzitsukuluze m'madzi aukhondo ambiri kuti asidi achoke, muziumitse pozigunditsa pansalu yofewa osapukuta, kenako muziike padera. Zotsalazo muzisiye momwe zilili. Pozigwira gwirani m'mphepete ndi zala ziwiri, chifukwa thukuta la chala limasiya chidindo chomwe chimadzaoneka patapita miyezi ndipo sichichoka. Zichotseni m'chitinimo, poti zimakandana ndipo dzimbiri la chitini limazidetsa, ndipo zomwe mwaziona kuti n'zofunika muziike iliyonse m'kaenvulopu kakekake ka pepala, mutalembapo chaka ndi dzina. Pewani mapulasitiki ofewa, chifukwa amatulutsa mafuta obiriwira omata omwe amadya chitsulo. Ku Zomba chinyezi chimachuluka nthawi ya dzinja, ndiye sungani pamalo ouma, ndipo timapaketi toyamwa chinyezi topezeka m'mabokosi a nsapato timathandiza. Kobiri lomwe latuluka timadontho tobiriwira tonga ufa mulipatule, lisakhudzane ndi anzake.

Za bambo wa azungu uja, njira yake ndi yakale ndipo ndaimva kambirimbiri m'maonekedwe osiyanasiyana. Ena amati makobiri obowola amakoka mpunga kapena lezala, ena amati muli mercury wofunidwa kunja, ena amabwera ndi mnzawo wodzitcha woyeza yemwe amatsimikiza kuti ndalama yanu ndi ya mamiliyoni, kenako pamafunika ya mankhwala, ya satifiketi, ya thiransipoti ya bwana, mpaka mbuzi ndi njinga zitatha. M'makobiri amenewa mulibe chinsinsi chilichonse. Pafupifupi magawo 95 pa 100 ndi mkuwa, otsalawo ndi tin ndi zinc, ndipo zimenezi zinalembedwa poyera kuyambira kale. Maginito ali ndi ntchito imodzi yokha pa nkhaniyi: ndalama ya ku Britain ya 1971 isanafike siyenera kumata ku maginito, ikamata ndi yopeka. Wogula weniweni ndi amene amakupatsani ndalama, sayamba wakupemphani. Bamboyo akabweranso muuzeni kuti banja lasankha kusunga, musamuonetse kachikasu kaja, ndipo akaumirira kapena kuopseza kanenani kupolisi.

Chenjezo lomwelo likhudzanso mitengo ya pa intaneti. Pa eBay ndi pa Facebook munthu akhoza kulemba mtengo uliwonse womwe wafuna, ndipo mudzaona kobiri longa lanu la 1967 litaikidwa pa mapaundi zikwi. Umenewo ndi mtengo wopempha, si wogulira. Pa eBay sankhani poonetsa zomwe zinagulidwa kale, muyerekeze ndi ndalama ya chaka chomwecho ndi giredi yofanana ndi yanu. Abale athu okhala ku Britain amandifunsa kawirikawiri za ndalama ya mapeni awiri (2p) yolembedwa NEW PENCE, atamva kuti ndi yodula. Zonse za 1971 mpaka 1981 zinalembedwa choncho ndipo zilipo mamiliyoni osaneneka, yosowa ndi ya 1983 yokha yomwe inalembedwa mawuwo molakwitsa. Buku lomwe ogulitsa ambiri amadalira ndi Coins of England, lomwe kampani ya Spink inkatulutsa kwa zaka zambiri, koma dziwani kuti mitengo yake ndi yomwe sitolo imagulitsira, ndipo pogula kwa inu idzapereka yocheperapo.

Nanga ndi liti pomwe muyenera kufuna thandizo la katswiri? Ngati mwapeza KN, kobiri la 1950 kapena 1951, siliva wa Edward VII wooneka bwino, ndalama iliyonse ya 1860 isanafike yomwe zilembo zake zikuwerengeka bwino, kapena kachikasu kakakwana magalamu 7.98, jambulani mbali zonse ziwiri pa kuwala kwa masana, popanda fulashi, ndalamayo ili papepala loyera pafupi ndi rula. Makampani a okushoni a ku London monga Spink, Noonans ndi Baldwin's amalandira zithunzi n'kupereka maganizo awo oyambirira, ndipo bungwe la British Numismatic Trade Association lili ndi mndandanda wa ogulitsa omwe amatsata malamulo ake. Akakuyankhani kuti ndalamayo ndi yochepa mtengo moti sangaitenge, yankho limenelonso ndi lothandiza, chifukwa mwalipeza kwaulere kwa anthu omwe akanapindula ikanakhala yodula. Pali makampani a ku America, NGC ndi PCGS, omwe amayesa ndalama n'kuitsekera m'kabokosi kolembedwa giredi ya pakati pa 1 ndi 70, koma malipiro ake pamodzi ndi kutumiza amaposa mtengo wa ndalama zambiri za m'chitini ngati chanu, ndiye musapite kumeneko pokhapokha katswiri wosagulitsa ntchitoyo atakulangizani.

Golide ndi siliva wa pa sikelo sizilira ulendo wa ku London. Mukhoza kufunsa mitengo kwa ogula awiri kapena atatu a chilolezo m'tauni, mutawerengeratu nokha kunyumba, ndipo mupite ndi munthu wina wamkulu wa m'banja. Mukaganiza zotumiza kunja kapena kupatsira wachibale wokwera ndege, yambani mwafunsa ku ofesi ya kasitomu za malamulo otulutsira golide ndi zinthu zakale, kuti chinthu cha agogo chisakalandidwe pabwalo la ndege. Ndipo popeza ichi ndi chuma chamasiye, ndikupemphani kuti musanagulitse kalikonse muitane ana a malemu ndi ena oyenera, muyale zonse pamphasa, muwerenge pamodzi ndi kulemba m'kope chaka ndi mtundu wa ndalama iliyonse. Ndaona abale akudana chifukwa cha chitini chomwe mtengo wake sunkafika thumba la feteleza, kungoti wina anamva mphekesera ya mamiliyoni ndipo anaganiza kuti anzake amubisira.

Mukanandifunsa chomwe ine ndikanachita, ndikanayeza kachikasu sabata ino, ndikanapatula siliva wa 1946 kubwerera m'mbuyo, ndipo makobiri ofiirira, a njovu ndi crown ya Churchill ndikanagawira zidzukulu, aliyense yake m'kaenvulopu kolembedwa dzina la agogo ndi komwe ankagwira ntchito. Mukayeza, ndilembereninso kulemera kwake mpaka manambala awiri a pambuyo pa kadontho, timalemba tomwe mwaona pansi pa hatchi, ndi zaka zonse za ma half crown ndi ma florin, ndipo ndidzakuthandizani kuwerenga mtengo woyenera kuyambira pokambirana ndi wogula.